Masokosi a mitsempha yotupa aja ndawavala miyezi 7, ndikuuzeni mmene ndawaonera

Makasitomala anga atopa nako kundifunsa kuti masokosi akudawa ndimavaliranji kutentha konseku, wina mpaka anandiseka kuti kodi amayi mwayamba ntchemberembaye ukalamba uno kkkk. Nde ndati bola ndingolemba kamodzi, aliyense amene miyendo ikumusautsa ngati ine awerenge yekha, chifukwa pofotokoza pakamwa uku manja ali m'mutu mwa munthu ndimaiwala zina.

Ine ndili ndi kasaluni ku Bangwe, ndimaluka tsitsi. Amene munalukitsapo timaulusi ting'onoting'ono tija mukudziwa kuti mutu umodzi umatha kudya maola 6 olo kuposa, ndipo woluka amakhala chiimire pamalo amodzi, osasuntha. Mitsempha inayamba kuoneka ndili ndi pathupi pa mwana wachiwiri, kuseri kwa bondo lamanzere, timizere tobiriwira basi, nditachira inachepako ndinaiwalako. Pa wachitatu ndi pamene inabwera ndi ukali, inatupa n'kupindikapindika ngati nyongolotsi kutsika katumba yense mpaka pafupi ndi kakolo, ndipo ulendo umenewo sinabwererenso. Kuoneka kwakeko ine sikunkandidandaulitsa kwambiri, chitenje chilipo. Chimene chinkandiliza ndi madzulo. Miyendo kulemera ngati wamangirira njerwa, kuphwanya, kuwotcha mkati, kuyabwa pamwamba pa mtsempha penipenipo, kakolo kutupa mpaka lamba wa nsapato kusiya mzere, nde usiku katumba kukokana mpaka kudzuka n'kukuwa, bambo a ana kudzidzimuka kumaona ngati kwalowa akuba.

Amayi anga nawonso ali nayo miyendo yonse iwiri, anathyola tiyi ku Thyolo zaka zambiri, chiimire tsiku lonse dengu kumsana. Kumudzi ankati anaponda mankhwala. Ine itandiyamba azakhali anabweranso ndi nyimbo yomweyo, ati pali wina wa nsanje ndi saluni yako, tiye akakuteme mphini magazi oipawo atuluke. Mwamwayi ndine wamantha ndi lezala. Ndikuti mwamwayi chifukwa pambuyo pake ndinamva kuchipatala kuti mtsempha woterewu ukachekeka magazi amatuluka ngati wotsegula mpopi, ndipo chilonda cha pamenepo chimavuta kupola. Chonde abale, mphini pa mtsempha wotupa ayi.

Ndisanafike pa masokosi ndinayesa za pakhomo zonse zimene mumauzana zija, ndipo ndizinena poyera kuti ena musataye nthawi. Viniga wa maapozi ndinkanyika kansalu n'kukulunga mwendo m'mawa ndi madzulo pafupifupi mwezi wathunthu, chimene ndinapindula ndi kununkha ngati achali basi. Alovera amazizira bwino ukapaka, khungu limafewa, kuyabwa kumachepako kwa kanthawi, pamenepo sindinganame, koma mtsempha ngwomwewo. Tiyi wa cham'mwamba ndimamwabe mpaka lero poti ndi masamba abwino, koma miyendo sinamve kanthu. Choipitsitsa anali adyo. Wina anandiuza kuti usinje adyo wambiri usakanize ndi mafuta ophikira umange usiku wonse, eeh, ndinadzuka khungu litapsa latuluka matuza ngati ndathiridwa phala lamoto, chipsera chake chilipo mpaka pano. Adyo wamuwisi amaotcha khungu akakhalitsa, amene sakukhulupirira abwere adzaone.

Kenako kunabwera kabotolo ka pa Facebook. Mayi wina amatsatsa mafuta ati achilengedwe, ochotsa mitsempha m'masiku 14, ndi zithunzi za mwendo wotupa mbali iyi mwendo wosalala mbali inayo, ukayang'anitsitsa miyendoyo ndi ya anthu awiri osiyana, wina woyera wina wakuda, koma munthu ukamva ululu maso amachita khungu. Ndinatumiza K15,000 pa foni. Kabotolo kanabwera kopanda pepala lonena zimene zili mkatimo, tsiku lotha ntchito palibe, fungo lake ndendende mankhwala opaka pachifuwa mwana akadwala chimfine. Ukapaka pamazizira nde umaona ngati zikugwira. Masiku 14 anatha, ndinamulembera, ati onjezerani botolo lachiwiri thupi lanu ndi lolimba. Mxii. Kuno kuli bungwe la PMRA loona za mankhwala, koma ogulitsa a pa foniwa amangosintha dzina la tsamba mawa n'kuyambiranso.

Amene ananditsegula mutu ndi a dokotala ena achizimayi pa kachipatala kena kolipira, ndinapita ndi mwana wodwala malungo nde ndinangoti poti ndafika kale ndiwaonetse mwendo. Anandifotokozera mwa njira imene sindidzaiwala. Ati magazi akatsika kupita kumapazi amayenera kukweranso kubwerera ku mtima, ndipo kukwera chitunda sikophweka, nde m'mitsempha ya m'miyendo muli timavalavu totseguka mbali imodzi, magazi akadutsa timatseka kuti asabwerere pansi. Chimene chimawakankha ndi katumba, ukamayenda mnofu uja umafinya mitsempha magazi n'kumakwera. Anandifunsa kuti munatungapo pa mjigo woti labala yake yatha? Umapopa, madzi amakwera pang'ono, ukangosiya onse abwerera pansi. Ndi zimenezo. Timavalavu tikafooka magazi amadikha mmunsi, mtsempha umafutukuka n'kupindika, madzi ena amatulukira mu mnofu nde kutupa kwa kakolo kuja. Mimba imawonjezera chifukwa magazi amachuluka m'thupi, mitsempha imafewa, komanso chiberekero chimapanikiza mitsempha ya mchiuno. Kuima malo amodzi nthawi yaitali, kunenepa, msinkhu, ndi kumtundu, zonsezo ine ndinali nazo kupatula mwina msinkhu, musandikalambitse. Nde anamaliza ndi funso loti, inuyo mafuta opaka pakhungu angakonze bwanji valavu ili mkati? Ndinangoseka ndi manyazi ndikukumbukira K15,000 yanga.

Iwowo ndi amene anandilembera masokosi opanikiza aja, a compression. Anayamba agwira kaye pamwamba pa phazi ndi kuseri kwa kakolo kumva ngati magazi akugunda bwino, anafunsa ngati ndili ndi shuga kapena vuto la mtima, ndilibe, nde analemba pa pepala kuti 20 mpaka 30 mmHg, ofika mmunsi mwa bondo. Manambala amenewa ndi mphamvu ya kufinya kwake, ndi muyezo womwe uja amayezera BP. Alipo opepuka a 15 mpaka 20, alipo awa apakatiwa, alipo a 30 mpaka 40 amene ndi a anthu oti zafika povuta. Chinsinsi chake n'chakuti amathina kwambiri pa kakolo n'kumamasuka pang'onopang'ono pokwera, nde magazi amakankhidwira mmwamba. Apa ndi pamene amasiyana ndi masokosi wamba.

Ndinachita ukathyali poyamba, ndisabise. Nditamva mtengo ku famase ndinati aaa, masokosi othina si ali mbwee pa kaunjika ku Limbe? Ndinagula aatali a mpira aja, othina bwinobwino. Mavuto ake, amenewo lasitiki yolimba ili kumtunda, mmunsi motayirira, nde zimakhala ngati wamanga mwendo ndi linya pansi pa bondo. Pofika masana phazi linatupa kuposa kale. Masiku awiri okha ndinawapatsa mwana azikaseweretsa mpira.

Nde mu Meyi ndinapita ku famase ina mtauni mu Blantyre muno. Pa kalandiridwe ndiwayamikire, mtsikana amene anandithandiza sanangonditengera bokosi, anandiuza kuti ndibwerenso mawa mmamawa miyendo isanatupe kuti adzandiyeze, poti ndinafika cha m'ma 3 koloko kakolo atatupa kale. Ndinadandaula za thiransipoti kawiri koma anali ndi mfundo. Anayeza ndi tepi ngati ya telala, pa kakolo pamene pali powonda kwambiri, pa katumba pamene pali ponenepa kwambiri, ndi kutalika kuchoka pa chidendene kufika mmunsi mwa bondo, n'kufananitsa ndi manambala a pa bokosi. Saizi ya nsapato ilibe ntchito apa, ine ndimavala 5 koma katumba wanga ngwa munthu wodya bwino, nde ndinagwera saizi yaikulu. Ndinalipira K42,000 peyala imodzi. Inde, masokosi. Mtima unawawa, nanga zinthu zochoka kunja chigwereni kwacha mu Novembala 2023 muja zilinso ndi chisoni?

Za mtundu zinandiseketsa. Anatulutsa ena ati awa ndi a mtundu wa khungu saoneka ukavala. Khungu la ndani? Nditayika pa mwendo wanga zinkaoneka ngati ndavala mwendo wa chidole cha mu shopu ya zovala. Amene anapanga zimenezi sankaganiza za ife a ku Bangwe. Ndinatenga akuda, bola anthu aziona kuti ndi masokosi kusiyana n'kumafunsa kuti mwendo unatani.

Tsiku loyamba kuvala inali nkhondo. Mphindi 20 ndikulimbana ndi sokosi imodzi, thukuta kamukamu, chikhadabo chimodzi chinathyoka, bambo a ana ali pakhomo la kuchipinda kuseka ati kodi ukuvala kapena ukusenda mbuzi chobwerera. Ndinatsala pang'ono kukabweza kuti andipatsa yaing'ono. Pano ndimavala mphindi zitatu zonse ziwiri, ndi luso chabe. Umavala ukangodzuka usanayambe kuyendayenda, ine ndimasamba usiku dala kuti mmawa ndingovala ndili pabedi. Umapisa dzanja mkati, kugwira pa chidendene, kutembenuza sokosi yonse kusiya phazi lokha, kulowetsa phazi, kukhazika chidendene pamalo pake, kenako n'kumakweza pang'onopang'ono, osakoka kumtunda ndi mphamvu ngati ukukweza thumba. Magolovesi a labala otsukira mbale aja amathandiza zedi, amagwira nsalu bwino komanso zikhadabo sizibowola. Mphete vulani. Mwendo ukhale wouma, mafuta odzola pakani usiku, mmawa ayi, chifukwa sokosi imakakamira komanso mafuta amaononga lasitiki. Ndipo ikatalika osapinda kumtunda, mukapinda mwapanganso linya lija. Makwinya onse muziwasalaza makamaka pa kakolo, tsiku lina ndinasiya khwinya limodzi pofulumira, madzulo panali mzere wofiira wowawa ngati ndakwapulidwa.

Tsopano zimene mukufuna kumva, kodi amagwira? Amagwira, koma mvetsani bwino chimene amagwira. Sabata yoyamba yomwe ndinaona kusintha. Ndinaluka mutu wa maola 7 Loweruka lina, pofika kunyumba ndinaphika nsima ndili chiimire osafuna pokhala, zimene zinali zitasiya kuchitika kalekale. Kulemera kuja kunachepa kwambiri, kutupa kwa kakolo pafupifupi kunatheratu, nsapato zimene ndinkavala mmawa zokha pano ndimaweruka nazo. Kukokana kwa usiku kunkabwera mwina katatu pa sabata, pano mwezi umatha kamodzi kapena osabwera n'komwe. Kuwotcha kwa mkati kulipobe masiku amene ndagwira ntchito mopitirira, komanso ndikayandikira kumwezi, koma ndi koti munthu ugona.

Mitsempha yokha ili pompo. Ndikavula madzulo imaoneka yaphwa pang'ono, ndikangoima mphindi zochepa yadzadzanso, nyongolotsi zanga zija zonse bwinobwino. Nde amene mukufuna miyendo yosalala yovalira siketi yaifupi pa ukwati, K42,000 yanu isungeni, masokosi sachotsa mtsempha ngakhale umodzi. Ndipo tsiku limene sindinavale ululu umabwerera tsiku lomwelo, ndinayesa dala Lamulungu lina popita ku tchalitchi, pofika pa chopereka ndinali nditayamba kale kusinthanitsa miyendo.

Zondinyansa zilipo zingapo. Kutentha ndiye koyamba. Mu Juni ndi Julayi zinali bwino, ndinkachita kunyadira kuti ndafunda, koma Okutobala abale, mu saluni ya malata, draya ikuuzira moto, magetsi akathima fani osazungulira, miyendo imachita ngati ili mu uvuni. Ndipo mwezi wotentha ndi umene mitsempha imatupa kwambiri, nde nthawi imene ukuwafuna kwambiri ndi imene sukufuna kuwaona. Masiku ena ndinkavula 2 koloko, ndikuvomera. Khungu limaumanso n'kumatuwa, ukapanda kudzola usiku umayamba kukanda, ndipo kukanda pa mtsempha ndi kuputa ngozi. Apa ndi pamene alovera uja anapeza ntchito yake yeniyeni.

China ndi kuchapa. Amafuna kuchapa pafupipafupi, pamanja, madzi ofunda pang'ono, sopo wofewa, osafinya mopotokola, osasita, osayanika padzuwa kapena pafupi ndi mbaula. Ukakhala ndi peyala imodzi ngati ine umachapa usiku n'kumapemphera kuti iume. Nthawi ya chiperoni kuno kumakhala nkhungu ndi kamvula kowaza masiku atatu osaona dzuwa, ndinavalapo achinyezi kangapo. Njira imene ndinapeza ndi kuwakulunga mu thaulo louma n'kupondaponda madzi alowe mu thaulomo kenako n'kuyanika m'nyumba. Koma zoona zake zimafunika mapeyala awiri, nde werengerani nokha. Komanso sakhalitsa, amati pakatha miyezi 3 mpaka 6 mphamvu imakhala itachepa ugule ena. Anga pofika mwezi wachisanu anayamba kulowa mosavuta, poyamba ndinasangalala kuti ndazolowera, kenako ndinaona kakolo wayambanso kusiya mzere. Pano akutsetsereka okha pofika masana ndipo chidendene chimodzi chabooka.

Ndinene chilungamo kuti si masokosi okha amene andithandiza, pali zaulere zimene a dokotala aja anandiuza zomwe ndinkazipeputsa poti n'zaulere. Kukweza miyendo kuposa pamene pali mtima, mphindi 15 kapena 20, kangapo patsiku. Ine ndimagona chagada pa mkeka kuseri kwa saluni miyendo n'kutsamiritsa kukhoma nthawi ya nkhomaliro, umachita kumva magazi akutsika, kukoma kwake ngati wakutula mtolo wa nkhuni. Kukhala pampando n'kusanjika mapazi pa ndowa sikokwanira, akhale pamwamba ndithu. Bedi ndinaliika njerwa imodziimodzi ku miyendo ya kumapazi. Poluka ndimanyamula zidendene n'kutsitsa kakhumi kapena kupitirira pakapita kanthawi, mjigo uja uzipopa, makasitomala amaona ngati ndikuvina nyimbo ya pa wailesi. Ndinagula kampando kataliko kuti mizere ya pamwamba pa mutu ndiziluka nditakhala. Mmawa ndimatsikira minibasi patali pang'ono n'kuyenda. Nsapato za gogoda ndinasiya, zimamanga katumba osagwira ntchito. Mchere ndinachepetsa, ndipo ndinabwerera ku mgaiwa, nyemba ndi masamba chifukwa kudzimbidwa n'kumadzikakamiza kuchimbudzi kumapanikizanso mitsempha yomweyi. Pa mankhwala onse a pakhomo amene ndinayesa, amene anagwira ndi amenewa, ndipo sanandidyere olo K100.

Pa za zitsamba pali chimodzi chokha chimene a dokotala sanachinyoze, horse chestnut. Ndi mtengo wa ku Ulaya, m'nthanga zake amachotsamo mankhwala otchedwa aescin, ndipo kafukufuku anaonetsa kuti makapisozi ake amachepetsako ululu ndi kutupa kwa miyendo. Mchemwali wanga wa ku Joni ananditumizira yopaka, imazizira bwino madzulo ndikavula masokosi, koma sindingaiyerekeze ndi masokosiwo. Nthanga zake zosakonzedwa ndi poizoni, ndipo amene ali oyembekezera, oyamwitsa, kapena akumwa mankhwala osungunula magazi ngati warfarin asamwe asanafunse kuchipatala.

Chimodzimodzi masokosiwa si a aliyense, musangobwereka a mnzanu. Amene magazi sayenda bwino kupita kumapazi, zimene zimachitika kwambiri kwa a shuga ndi osuta fodya, akhoza kuvulala nawo koopsa chifukwa ukufinya mwendo woti magazi akufika movutikira kale, ndipo wa shuga amene mapazi anachita dzanzi sangamve n'komwe kuti sokosi ikumudya. Mukavala zala n'kuyamba kuzizira, kuchita dzanzi kapena kusintha mtundu, vulani pompo. Pogona amavula. Ndipo pali zina zosafunika masokosi kapena viniga koma chipatala tsiku lomwelo. Mwendo umodzi ukatupa mwadzidzidzi, kutentha, kuwawa katumba, akhoza kukhala magazi aundana mu mtsempha wa mkati, ndipo zikaphatikizana ndi kubanika kapena kuwawa pachifuwa ndiye kuthamanga kumene. Khungu la pa kakolo likayamba kuda, kulimba, kapena pakatuluka chilonda chosapola, pitani akaone. Mtsempha ukaphulika, zinawachitikirapo amayi anga atakodwa ndi chitsa kumunda, munthu agone pansi, mwendo mmwamba, kanikizani pabalapo ndi nsalu yoyera osasiyasiya kuti muone, kenako kuchipatala. Iwo anaima chiimire kumayang'ana magazi akudzadza mu nsapato mpaka mlongo wanga anafika. Zochotseratu mitsempha zilipo, jakisoni wotseka mtsemphawo, kuwotcha mkati ndi laser, kapena opaleshoni yousolola, magazi amapeza njira m'mitsempha ina ya mkati. Madokotala a opaleshoni ali ku zipatala zazikulu ngati Queens ndi Kamuzu Central, kumeneko ndi kokafunsa zimene zingatheke kwa inu. Ine pakadali pano sindinafike poganiza za mpeni.

Pa 10 ndiwapatsa 7. Atatu ndachotsa chifukwa cha mtengo, kutentha, ndi kutha msanga. Disembala uno ndi wa maukwati ndi Khirisimasi, mitu yandandalika kale mpaka pa 24, nde tikangogawana za banki mkhonde sabata ya mawa ndikukatenga ena, ulendo uno mapeyala awiri, akuda, otseguka ku zala kuti mphepo izilowako komanso ndizivala ndi masilipasi. Mtsikana wa ku famase uja anandiuza kuti otsegukawo umayamba waveka phazi kajumbo, sokosi imatsetsereka yokha, kenako jumboyo n'kusolola ku zala. Peyala yachitatu ndi ya amayi ku Thyolo ngati ndalama ikwane, koma ayambe akayezedwa kaye shuga, ndipo tepi ya telala ndapita nayo ndekha, chifukwa ndikawafunsa pa foni saizi ya katumba andiuza ya nsapato.